Abale athu a ku Zimbabwe ndi madamu amene ankayeretsa

Basi yochokera ku Blantyre ikatuluka pachipata cha Mwanza imawoloka Zambezi pa Tete n'kukalowa m'dziko la Zimbabwe pa Nyamapanda. Okwera ambiri mtima umakhala uli ku Johannesburg, ndiye Mutoko, Murehwa ndi Harare amangoziona pawindo, kenako tulo mpaka ku Beitbridge. Ndi ochepa amene amadziwa kuti m'dziko akulidutsalo muli makomboni omwe ukapereka moni wa kwathu, gogo amayankha m'Chichewa n'kufunsa kuti kumudzi ndi kwa mfumu yani. A Phiri, a Banda, a Mwale ndi a Mbewe aliko ambirimbiri, ndipo ochuluka mwa iwo sanapondepo pa Malawi chibadwire.

Makolo awo anapita kalekale. Msonkho wa atsamunda ndi thangata zitafika pakhosi, amuna a ku Nyasaland ankanyamuka, ena wapansi ena kudzera ku bungwe lolemba antchito la Mthandizi, kukafuna ntchito ku Southern Rhodesia. Ankalowa m'migodi, m'mafamu a fodya ndi m'nyumba za azungu mu Salisbury, yomwe lero ndi Harare. Pa nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, ulendowu unasanduka wa aliyense. Ena anabwerako ndi njinga, jekete ndi wailesi. Ena anakwatira konko n'kukhala matchona. Mpingo unawalondola: mu 1912 m'busa T.C.B. Vlok anachoka ku Nyasaland kukatumikira anthu akwathu mu Salisbury, ndipo ntchito imeneyo ndi yomwe inabala Sinodi ya Harare ya mpingo wa CCAP. Ayao anamanga mizikiti yawo m'makomboni. Gule wamkulu nayenso sanatsale. Ashona amamutcha zvigure, ndipo mpaka lero amatuluka pamaliro ndi pazisangalalo, ana akuthawa monga amathawira ku Dedza kapena ku Mchinji.

Mukafuna kuwapeza abale amenewa, pitani kumene kunali mgodi kapena famu yaikulu: ku Shamva ndi ku Bindura, ku Kadoma ndi ku Chakari, ku Mhangura, ngakhale ku Hwange kumalasha. Mu Harare muwapeza ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Epworth, komanso ku Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa, makomboni amene anamangidwa makamaka kuti muzigona antchito a m'nyumba za azungu. Chichewa chawo chinasakanikirana ndi Chishona, ndipo achinyamata ambiri amachimva bwino koma kuyankha amayankha m'Chishona. Wailesi ya National FM imaulutsa mapulogalamu ena m'chinenerochi.

Moyo sunawakomere. Mafamu a azungu atayamba kulandidwa mu 2000, antchito ambiri ochokera ku Malawi anataya ntchito ndi pogona nthawi imodzi, opanda mudzi woti athawireko monga ankachitira anzawo Achishona. Migodi ina, monga wa kopa wa ku Mhangura, inatsekedwa. Lamulo la unzika la 2001 linasiya anthu obadwira momwemo ali alendo, chitupa chawo chitalembedwa chilembo cha A. Zinthu zinayamba kuwongoka ndi malamulo aakulu a dzikolo a 2013, omwe anavomereza Chichewa kukhala chimodzi mwa zinenero 16 za dzikolo ndiponso anatsegula njira yoti wobadwira mu Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC akhale nzika.

Nkhani ya anthu amenewa imakambidwa kawirikawiri kudzera m'migodi ndi m'mafamu. Pali malo ena amene anagwirapo ntchito zaka zambirimbiri koma satchulidwa, ndiwo m'mphepete mwa damu losambiramo. Anthu a ku Nyasaland ankadziwika kuti ndi akhukhi ndi osamalira maluwa odalirika, ndipo nyumba zambiri za azungu ku Highlands, Borrowdale kapena Avondale zinali ndi damu kuseri. Ntchito ya bambo wa m'galadeni inkayamba m'mamawa mame asanakamuke. Ankatenga ukonde wa pandodo yaitali n'kuvuula masamba ndi maluwa a jakaranda amene agwera m'madzi usiku, kukwecha ndere m'makoma ndi burashi, kutsegula pampu, kuthira mankhwala a klorini moyeza bwino kuti madzi asabiriwire komanso asawawe m'maso. Dzuwa likakwera ana a bwana ankadumphiramo. Mwana wa woyeretsayo ankaonerera chapatali, ngati analoledwa n'komwe kukhala pamalopo. Kumigodi zinali chimodzimodzi: kalabu ya mabwana inali ndi damu, komboni inali ndi bwalo la mpira ndi holo ya mowa. M'makomboni a m'tauni khonsolo inamangamo madamu owerengeka, monga la George Hartley ku Mbare, koma damu limodzi la khwimbi la ana ndi losewereramo, si lophunzitsiramo mpikisano.

Zotsatira zake zikuoneka mpaka lero. Pa mpira wamiyendo, ana a anthu akwathu anafika patali. Moses Chunga anatchuka ku Dynamos, anakasewera ku Belgium, ndipo atabwerako anakhala kochi, n'kutenga ligi ndi timu ya Gunners mu 2009. Benjani Mwaruwari, wobadwira ku Bulawayo, anasewera ku Portsmouth ndi ku Manchester City, nayenso pambuyo pake analowa ukochi. Bwalo linalipo, mpira wachikulunga unalipo, ndipo wosewera wa dzulo anasanduka mphunzitsi wa lero. Pa kusambira unyolo umenewu sunayambe n'komwe.

Chonsecho Zimbabwe ndi dziko la kusambira. Lilibe nyanja yamchere, koma pa mamendulo 8 amene lapata pa masewera a Olimpiki chilandirire ufulu, 7 ndi a munthu mmodzi wosambira, Kirsty Coventry. Yotsalayo ndi golide ya timu ya amayi ya hockey ku Moscow mu 1980. Coventry anabadwira mu Harare mu 1983 ndipo anaphunzira pasukulu ya Dominican Convent. Anakulira m'dongosolo limene azungu anasiya: sukulu zokhala ndi madamu, makalabu, mipikisano ya pakati pa sukulu, makolo oima ndi wotchi m'mphepete. Ku Sydney mu 2000 anapikisana akadali pasukulu. Koma mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Madamu a mu Harare ndi apabwalo, ndipo June ndi July wa kumeneko amazizira kuposa wa ku Lilongwe. Atamaliza sekondale anapita ku yunivesite ya Auburn ku America, ndipo kumeneko ndi kumene anakumana ndi aphunzitsi amene anamusandutsa katswiri wa dziko lonse.

Mbiri ya aphunzitsi amenewo ndi yofunika kuiona bwino. David Marsh, mkulu wa aphunzitsi ku Auburn pa nthawiyo, anali wosambira wa yunivesite yomweyo, katswiri wa kusambira chagada. Anabwerera kudzaitsogolera mu 1990, nakhalapo mpaka 2007, ndipo pa zaka zimenezo matimu ake a amuna ndi akazi anatenga chikho cha mayunivesite a dziko lonse la America ka 12. Mu 2016 ndiye anatsogolera timu ya akazi ya America ku Olimpiki ya ku Rio. Kim Brackin, amene ankamuyang'anira Coventry tsiku ndi tsiku, nayenso anasambirapo pa koleji, kenako anayamba ngati wothandizira m'makoleji ang'onoang'ono, kunyamula wotchi ndi kulemba nthawi za ena, mpaka anakwera kukhala mmodzi wa otsogolera timu ya akazi ku Auburn. Ndi Brackin amene anaima m'mphepete mwa damu ku Athens mu 2004 atavala mtundu wa Zimbabwe, pamene Coventry anapata golide pa mamita 200 chagada, siliva ndi buronzi. Brackin atasamukira ku yunivesite ya Texas mu 2006, Coventry anamutsatira, ndipo ku Beijing mu 2008 anawonjezera golide ina ndi masiliva atatu. Wosambira amasintha mzinda kulondola mphunzitsi, chifukwa diso lomwe lakuona ukusambira zaka zisanu silipezeka pamsika.

Ku South Africa nkhani ndi yomweyo. Graham Hill wa ku Durban anali wosambira wa mpikisano asanakhale kochi. Anaphunzitsa Terence Parkin, mnyamata wosamva amene ankalankhula naye ndi manja, mpaka kupata siliva ku Sydney mu 2000. Anamulera Chad le Clos kuyambira ali mwana mpaka tsiku limene anagonjetsa Michael Phelps ku London mu 2012. Pafupifupi kochi aliyense wodziwika wa masewerawa anayamba wanyowa yekha.

Chifukwa chake chili m'ntchito yeniyeniyo. Kochi wa kusambira amafika padamu kusanache, 5 koloko ana ali kale m'madzi, ndipo madzulo akaweruka kusukulu amabweranso. Wosambira sadziona. Nkhope ili m'madzi, makutu atseka, sadziwa kuti dzanja lake lamanzere likulowa mopingasa kapena kuti akudzutsa mutu kwambiri popuma. Kochi amayenda m'mphepete kutsatira mwanayo, wotchi m'manja, kuwerenga kuti wapalasa kangati pa mamita 50, kuona ngati potembenuka pakhoma akutaya theka la sekondi. Theka la sekondi limenelo ndi limene limasiyanitsa wa golide ndi wobwerera chimanjamanja. Amadziwa nthawi yowonjezera makilomita ndi nthawi yochepetsa kuti thupi lipume mpikisano usanafike. Amadziwa phewa likayamba kudandaula mwini wake asananene. Maphunziro a ukochi alipo ndipo setifiketi imafunika, koma zambiri mwa izi munthu amazitola kwa kochi amene anamuphunzitsa iyeyo, pa zaka khumi kapena kuposa. M'mera m'poyamba: mwana amene sanalowe m'damu ali ndi zaka 7 kapena 8 n'kovuta kuti adzapikisane, ndipo amene sanapikisanepo n'kovuta kuti adzaphunzitse opikisana. Mwana wa ku Mabvuku atatsekeredwa kunja mu 1965, amene anatayika si wosambira mmodzi yekha. Anatayikanso kochi wa mu 1990 ndi ana onse amene akanadutsa m'manja mwake.

N'chifukwa chake zinatenga zaka 41 chilandirire ufulu kuti Zimbabwe itumize wosambira wachikuda ku Olimpiki. Anali Donata Katai, mtsikana wa zaka 17, yemwe anasambira mamita 100 chagada ku Tokyo mu 2021, ataphunzitsidwa ndi Kathy Lobb mu Harare. Nayenso anadzera m'njira yakale ija, ya sukulu yokhala ndi damu ndi kalabu yolipira, ndipo pambuyo pake anapita kukaphunzira ku America. Mtundu wa khungu sukutsekanso chipata. Chikutseka tsopano ndi ndalama, ndipo zidzukulu za antchito a m'mafamu ndi m'migodi yotsekedwa ndi zomwe zili kumapeto kwenikweni kwa mzere.

Malo amene amandikhudza kwambiri pa nkhani yonseyi ali ku Chitungwiza, tauni yaikulu ya anthu wamba kum'mwera kwa Harare. Pokonzekera masewera a All-Africa Games a 1995, boma linamanga kumeneko Chitungwiza Aquatic Complex, yokhala ndi damu la muyezo wa Olimpiki ndi nsanja zodumphira. Kwa nthawi yoyamba damu la mpikisano linafika pakhomo pa ana a m'komboni. Masewera atatha, mapampu anawonongeka, madzi anabiriwira, ndipo kwa zaka zambiri damulo lakhala losagwira ntchito. Mipikisano ikuluikulu inapitirira kuchitikira ku damu la Les Brown pakati pa Harare ndi ku City Pool ku Bulawayo, ngakhale pa zaka zimene Coventry anali nduna ya zamasewera, kuyambira 2018 mpaka 2025 pamene anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa komiti ya Olimpiki ya dziko lonse, mkazi woyamba komanso munthu woyamba wa mu Africa pa udindowu. Chimene chimadzaza Aquatic Complex masiku ano ndi mapemphero ndi magule. Mmodzi wa oimba amene amaidzaza mpaka pakhomo ndi Alick Macheso, mfumu ya nyimbo za sungura, wobadwira ku Shamva mu 1968 m'banja lochokera ku Malawi, amene amaimbanso m'Chichewa. Anthu a magazi athu amafika pamalopo mwaunyinji, amavina mpaka mbandakucha, damu lili pambali lopanda mwana ndi mmodzi yemwe wophunzira kupalasa madzi.

Ifeyo sitili patali ndi zimenezi. Tili ndi nyanja, ndipo mwana wa ku Nkhotakota kapena ku Mangochi amasambira asanadziwe kulemba dzina lake, koma palibe womuima pambali ndi wotchi. Osambira athu amene afika ku Olimpiki, monga Joyce Tafatatha ku London mu 2012 ndi Ammara Pinto ku Rio mu 2016, ndi owerengeka, ndipo madamu ophunziriramo ambiri ali m'sukulu zodula ndi m'makalabu. Mu 2022 tinamanga damu la mpikisano ku Lilongwe pokonzekera masewera a achinyamata a Region 5, monga momwe anzathu anachitira ku Chitungwiza mu 1995. A unduna wa zamasewera, ikani ndalama ya pampu, ya klorini ndi ya malipiro a makochi m'bajeti ya chaka chilichonse, tumizani osambira athu opuma kukaphunzira ukochi, ndipo ana a ku Kawale, Mchesi ndi Chinsapo azilowa m'damulo ulere masiku a sukulu.