Kabureta ikamasefukira petulo itangokonzedwa kumene

M'misewu ya Mangochi, kuchokera paboma kupita ku Monkey Bay, Namwera, Malindi ngakhale ku Makanjira, mukuyendabe mapikapu akale monga Nissan 1400 ndi Toyota Hilux za injini za 2Y ndi 4Y. Ndiwo amasenza matumba a usipa, chimanga ndi anthu amene alibe njira ina yofikira kumsika. Nissan 1400 adasiya kuipanga ku South Africa m'chaka cha 2008, koma eni ake amaikondabe chifukwa injini yake ndi ya kabureta, yomwe makaniko wa pansi pa mtengo wa mango amatha kuimasula ndi sipanala ndi sikuludiraiva basi.

Koma pali dandaulo limodzi lomwe limamveka kawirikawiri m'magalaja. Kabureta yatsukidwa bwino, magasiketi ndi atsopano, koma galimoto ikulira movutikira, ikutulutsa utsi wakuda, ikununkha petulo, ndipo ikazima imakana kudzuka. Nthawi zina petulo amachita kudontha pamwamba pa injini. Amakaniko amati galimotoyo yafulada. Vutoli si lolinyalanyaza, chifukwa limadya ndalama ya mafuta, limapha injini, ndipo lingathe kuyatsa moto.

Momwe chimagwirira ntchito

Injini ya petulo imafuna mpweya wochuluka kuposa mafuta: pa kulemera kwake, magawo pafupifupi 15 a mpweya pa gawo limodzi la petulo. Kuti muyeso umenewu usasokonekere, kabureta ili ndi kabakuli komwe kamasunga petulo pa mlingo umodzi nthawi zonse. M'kabakuliko muli choyandama chotchedwa fuloti, chomwe chimakankha kasingano kotchedwa nidulo. Petulo akakwana, fuloti imakwera, nidulo imatseka pakhomo polowera mafuta. Petulo akachepa, fuloti imatsika, khomo limatseguka. Ndi momwenso imagwirira ntchito thanki ya chimbudzi cha madzi.

Tsono kusefukira kumatanthauza chinthu chimodzi: khomo lija silikutsekeka, kapena likutsekeka mochedwa. N'chifukwa chake kupotokola sikuluwu ya mikisicha, komwe ambiri amathamangirako, sikuthandiza kanthu. Sikuluwu imeneyo imangosintha kaliridwe ka injini galimoto itaima. Singaletse petulo amene akulowa mopanda malire.

Poyambira kufufuza

Makabureta ambiri a Aisan ndi Hitachi, omwe ali m'galimoto zakale za ku Japan, ali ndi kagalasi m'mbali mwa kabakuli. Injini ikamalira galimoto ili pamalo athyathyathya, petulo ayenera kuonekera pa chizindikiro cha pakati pa kagalasiko. Akadzaza mpaka pamwamba, palibenso chokayikitsa: vuto lili pa fuloti ndi nidulo, kapena pa mphamvu ya pampu.

Choyamba kuchiganizira ndi zinyalala. Kamchenga kamodzi kakakhala pakati pa nidulo ndi pokhalira pake, khomo silingatsekeke. Pochotsa ndi kubwezeretsa payipi yakale ya labala, tizidutswa take timanyotsoka mkati n'kulowa m'kabureta yomwe yangotsukidwayo. Kunyanja kuno vutoli limakula chifukwa cha fumbi ndi mchenga, komanso mafuta a m'zigubu omwe oyendetsa galimoto amagula kwa mavenda pa nthawi ya kusowa kwa mafuta monga momwe zidalili mu 2022 ndi 2024. Chigubu chomwe dzulo chidatunga madzi lero chikasunga petulo, dzimbiri limayamba m'thanki.

Palinso nkhani ya ethanol. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, yemwe adayamba kupangidwa ku Dwangwa m'chaka cha 1982, ndipo fakitale ina idatsegulidwa ku Chikwawa mu 2004. Ethanol amakoka chinyezi, amasungunula litsiro lomwe lidakakamira m'thanki, ndiponso amafewetsa labala wachabechabe. Nidulo zotchipa zokhala ndi nsonga ya labala wotere zimatupa kapena kukakamira pakangopita masiku ochepa.

Chachiwiri ndi msinkhu wa fuloti. Pa fuloti pali kalilime kachitsulo komwe kamakhudza nidulo. Nidulo yatsopano siilingana ndendende ndi yakale m'litali, choncho msinkhu uyenera kuyezedwanso ndi rula kapena geji malinga ndi buku la galimotoyo, kenako kalilimeko kapindidwe pang'onopang'ono. Kusiyana kwa mamilimita awiri okha n'kokwanira kusefukiritsa kabureta. Popinda, kalilimeko kasadinikizidwe pa nidulo, chifukwa nsonga yake imaphwanyika.

Chachitatu ndi fuloti yeniyeniyo. Ya mkuwa imabooka m'misoko n'kumwa petulo, ndipo ikalemera imamira. Kuigwedeza pafupi ndi khutu kumaulula ngati muli mafuta, ndipo kuiviika m'madzi otentha kumatulutsa timathovu pomwe pali bowo. Fuloti ya pulasitiki yakuda imamwa mafuta ngati siponji popanda bowo looneka, motero imafunika kuiyerekeza kulemera kwake ndi yatsopano. Nthawi zina fuloti ili bwinobwino, koma ikukhula pa gasiketi yomwe yadulidwa mopyola muyeso, kapena kapini kake kapindika.

Chachinayi ndi pokhalira nidulo. Pamamangidwa ndi kawashala pansi pake. Kawashalako kakaiwalika, kapena pakamangidwa molobodoka, petulo amalambalala nidulo n'kudutsa m'mbali ngakhale khomo litatsekeka.

Pali mayeso osalira ndalama omwe amaonetsa zambiri mwa izi kabureta isanamangidwe. Makaniko amatembenuza chivundikiro chokhala ndi fuloti chadodolido, kuti kulemera kwa fulotiyo kutseke nidulo, kenako amauzira mpweya ndi pakamwa kudzera pa payipi yaukhondo. Mpweya ukadutsa, petulonso adzadutsa. Kompuresa siyenera pa mayesowa, popeza mphamvu yake imafinya fuloti.

Zonse zili bwino koma ikusefukirabe

Pamenepo maso atembenukire ku pampu ya mafuta. Makabureta aang'ono amafuna mphamvu yochepa, pafupifupi 3 psi. Pampu yoyendera injini ikafa, ena amaikapo ya magetsi yochotsedwa m'galimoto ya injekishoni, yomwe imakankha kupitirira kakhumi. Palibe nidulo yomwe ingapirire mphamvu yotero. Payipi yobwezera mafuta kuthanki ikatsekeka kapena kupanidwa, zotsatira zake zimafananako.

Kutentha nakonso kuli ndi mbali yake. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha ku Mangochi kumapitirira madigiri 35, galimoto ikazimitsidwa itayenda ulendo wautali petulo amatha kuwira m'kabakuli n'kukhuthukira m'injini. Pakati pa kabureta ndi manifodi pamakhala kathabwa kokhuthala kotchinga kutentha, ndipo kakasiyidwa pomanga, galimoto imavuta kudzuka ikatentha koma m'mawa imalira kamodzi.

Zofunika kusamala

Galimoto yofulada siyenera kupopedwa giya la moto, popeza kupopa kulikonse kumathira petulo wina. Woyendetsa aponde mpaka pansi n'kugwira pomwepo akuliza, kuti mpweya wambiri ulowe. Ikakanabe, mapulagi achotsedwe ndi kuumitsidwa pamphepo, osati pamoto, ndipo waya wa koyilo uchotsedwe asanatembenuze injini. Kuyang'ana m'kamwa mwa kabureta wina akuliza n'koopsa, chifukwa lawi limatha kubwerera.

Vuto likatha, oyilo ayesedwe. Akamanunkha petulo kapena akakwera kupyola chizindikiro, asinthidwe tsiku lomwelo, pakuti oyilo wosukuluka amadya mabeyaring'i ndi maring'i, ndipo mtengo wokonzera injini umaposa kutali wa malita anayi a oyilo.

Mfundo zomwezi zimagwiranso ntchito pa njinga zamoto za kabaza ndi pa injini za mabwato a asodzi a ku Chembe ndi Msaka, komwe injini ikafulada pakati pa nyanja mwera ukuwomba, nkhani siikhalanso ya ndalama zokha. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Asanamasulenso kabureta kachitatu, mwini galimoto ayambe watsukitsa thanki, asinthe mapayipi a labala ndi kuika fyuluta yatsopano pafupi ndi kabureta, apo ayi litsiro lomwelo lidzafikanso pa nidulo.