Foni, Njala ndi Manyazi ku Chigwa cha Shire

Namondwe Freddy atasakaza m'mwezi wa Malichi 2023, mabanja ambiri ku Chikwawa ndi Nsanje anathawira m'misasa, monga zinachitikiranso mu 2015 ndi 2019. Kumsasa mtsikana amasowa sopo, chitenje chosinthira, ngakhale kandalama ka ndiwo. Wofuna kumudyera masuku pamutu safunika kufika pakhomo. Amangopeza nambala, n'kumulembera pa WhatsApp, kumugulira mayunitsi, kenako kumutumizira ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money. Poyamba amapempha chithunzi cha nkhope, pambuyo pake chamaliseche. Chikangofika, mawu okoma amatha, n'kuyamba kumuopseza kuti akakana zina achimwaza m'magulupu.

Mphamvu za chigawengachi zimachokera m'makhalidwe amene analipo foni isanabwere. Mwana timamulera kuti wamkulu satsutsidwa, ndipo wokupatsa kanthu sumunyoza. Makolo ena akaona ufa wabwera safunsa kumene wachokera, poti m'nyumba muli njala. Nkhani ikaululika, chala chimaloza mwanayo kuti ndi wosamva, wokonda ndalama. Mnyamata zikamugwera sanena n'komwe, kuopa kusekedwa.

Palinso maganizo akuti mtsikana akatha msinkhu ndiye kuti wakula. Ndi amene ankachirikiza kusasa fumbi, mwambo umene unamveka dziko lonse mu 2016 Eric Aniva wa ku Nsanje atauza BBC za ufisi wake. Mafumu ambiri anauletsa, koma maganizowo sanathe, ngakhale kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chizolowezi chothetsera nkhani pakhomo. Akuluakulu amakhala pansi, wolakwa n'kupereka mbuzi kapena ndalama, ena n'kumati mwanayo sanakhudzidwe thupi, tisachititse banja manyazi. Mbuziyo singafufute chithunzi chimene chili kale m'mafoni a ku Nchalo ndi Bangula, mwinanso chadutsa pa Marka kulowa ku Mozambique.

Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kujambula, kusunga kapena kufalitsa zithunzi zolaula za ana. Ndi mlandu wa kupolisi, ku Victim Support Unit, ndipo nambala yoimbira foni pofuna thandizo ya 116, imene bungwe la YONECO limayendetsa, ndi yaulere. Koma makolo ambiri, chifukwa cha mkwiyo, amayamba ndi kulanda foni n'kufufuta mauthenga onse, pamodzi ndi nambala ya wolakwayo, umboni umene apolisi akanayambira.