Njinga ya kabaza ikalephera chitunda, mlandu si wa injini yokha

Amene munakwerapo kabaza kuchoka ku Zalewa kapena ku Lisungwi kupita ku Boma la Neno, n'kupitirira mpaka ku Dambe, mukudziwa zimene zimachitika. Kumunsi njinga imathamanga bwinobwino. Mukangofika m'mapiri, imayamba kulira ngati mbuzi yomangidwa, woyendetsa n'kumangotsitsa magiya, mwina mpaka kukuuzani kuti, "Achimwene, tatsikani pang'ono tikwere kaye apa." Ambiri timati vuto ndi chitunda, katundu kapena msewu. N'zoona, koma pali chinthu china chimene sitichiona ndi maso: mpweya weniweniwo umasintha.

Injini nayo imapuma

Injini ya petulo siyenda ndi mafuta okha. Kuti petulo ayake amafuna okosijeni, ndipo okosijeniyo ali mu mpweya, magawo 21 pa 100 alionse. Kuti galamu imodzi ya petulo ipse yonse, pamafunika pafupifupi magalamu 14.7 a mpweya. Ndiye kuti injini imameza mpweya wambiri kuposa mafuta.

Chinsinsi chili apa. Injini ya njinga ya 125cc imakoka mpweya wodzaza malo ofanana nthawi iliyonse pisitoni ikatsika kukoka mpweya, kaya muli ku Zalewa kaya ku Dambe. Koma kulemera kwa mpweya umene walowawo kumasiyana. Mu Physics timati density: kulemera kwa chinthu poyerekeza ndi malo amene chatenga. Ganizirani thumba la makilogalamu 50 lodzaza chimanga chosola ndi lina lodzaza chimanga chamakoko. Matumbawo ndi ofanana, koma nsima yochokamo si yofanana.

M'mphepete mwa nyanja yamchere, kutentha kukakhala madigiri 15, mpweya wa mu kiyubiki mita imodzi umalemera makilogalamu 1.225. Mukakwera mamita 1,500, umatsikira pa 1.06. Okosijeni wachepa, mafuta amene angapse achepa, mphamvu nayo yachepa. Amakaniko amawerengera kuti injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi magawo 3 pa 100 pa mamita 300 alionse amene yakwera.

Neno ndi labotale yabwino pa nkhaniyi. Mtsinje wa Shire umachoka m'nyanja ya Malawi imene ili pa mamita pafupifupi 474, choncho pa mlatho wa Zalewa mtsinjewu uli pansi pa pamenepo. Koma mapiri a Kirk Range, kumene anthu amalima mbatata ya kachewere ndi tirigu, amapitirira mamita 1,500 m'malo ena. Boma limodzi, koma kusiyana kwa mamita oposa 1,000. Ndiye kuti njinga itha kutaya gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zake, nthawi yomweyo imene ikufunika mphamvu zambiri.

Akatswiri a liwiro amayeza mpweya asanayatse injini

Anthu amene amaitenga nkhaniyi mozama kwambiri ndi a mpikisano wa drag racing. Magalimoto awiri amaima pamzere n'kuthamanga molunjika, popanda kona. Mtunda wake wachikhalire ndi mamita 402, koma kuyambira mu 2008 magalimoto amphamvu kwambiri a Top Fuel ku America amathamanga mamita 305 okha. Amamaliza pasanathe masekondi 4, pa liwiro loposa makilomita 500 pa ola. Pa mpikisano wotere munthu amapambana kapena kuluza ndi kachigawo ka sekondi kochepa kuposa kuphethira kwa diso.

N'chifukwa chake timu iliyonse imayenda ndi zida zoyezera nyengo. Amayeza zinthu zitatu: kupanikiza kwa mpweya, kutentha, ndi chinyezi. Akatero amasintha kuchuluka kwa mafuta olowa mu injini. Bwalo la Bandimere Speedway pafupi ndi Denver, limene linali pa mamita oposa 1,700 ndipo linatsekedwa mu 2023, linkadziwika kuti magalimoto amathamangako pang'onopang'ono kusiyana ndi mabwalo a kumunsi. Kuno ku Africa, bwalo la Tarlton pafupi ndi Krugersdorp ku South Africa nalo lili pamalo okwera a Highveld, ndipo galimoto yopanda turbo imathamanga bwino ku Durban kapena ku Cape Town kusiyana ndi kumeneko.

Kutentha kumasokoneza masamu

Apa ndi pamene nkhani ikukomera. Mpweya ukatentha umafutukuka, tinthu take timatalikirana, density imatsika. Tiyeni tiwerengere. Tiyerekeze masana a mwezi wa October ku Zalewa, kutentha kwafika madigiri 35. Mpweya pamenepo umalemera pafupifupi makilogalamu 1.08 pa kiyubiki mita. Tsopano tiyerekeze m'mawa wa June pamwamba pa mapiri, pa mamita 1,500, kukuzizira madigiri 10. Mpweya ukulemera pafupifupi 1.04. Mwaona? Kusiyana kwachepa kwambiri, chifukwa kuzizira kwabweza zambiri zimene kukwera kunalanda. Koma paphiri pomwepo masana otentha madigiri 28, mpweya umatsikira pa 0.98. Nthawi yoipa kwambiri yokwezera matumba a feteleza kumapiri ndiye masana a chilimwe.

Nanga chiperoni? Ambiri amaganiza kuti mpweya wachinyezi ndi wolemera. Ayi ndithu. Molekyu ya madzi ili ndi kulemera kwa 18, pomwe mpweya wouma uli pa 29. Nthunzi ya madzi ikalowa, imakankha tinthu tolemera, kuphatikizapo okosijeni. Choncho chinyezi chimachepetsa mphamvu ya injini pang'ono. Tsiku labwino kwa injini ndi lozizira, louma, pamalo otsika.

Njinga zambiri za kabaza zili ndi kabuleta, ndipo kabuleta sadziwa kuti mwakwera phiri. Amapitiriza kupereka mafuta ochuluka kuposa mpweya umene ulipo. Zotsatira zake ndi utsi wakuda, pulagi yodzaza mwaye, komanso petulo wotha msanga. Fyuluta ya mpweya ikatsekeka ndi fumbi, vutoli limakula. Magalimoto atsopano ali ndi kompyuta imene imachepetsa mafuta yokha, koma singapange okosijeni amene kulibe. Turbo ndiye imathandiza, chifukwa imapanikiza mpweya isanaulowetse mu injini.

Mpweya wopepuka uli ndi ubwino wake

Chinthu chikamathamanga, mpweya umachikankhira m'mbuyo. Kukankhako kumadalira density, komanso liwiro: mukawirikiza liwiro kawiri, kukankha kumakula kanayi. Mpweya wopepuka umatchinga pang'ono. Mu 1968 masewera a Olympics anachitikira ku Mexico City, pa mamita 2,240. Othamanga mitunda yaifupi anaswa marekodi, ndipo Bob Beamon analumpha mamita 8.90. Koma othamanga mitunda yaitali ambiri anavutika ndi kupuma. Kwa njinga imene ikukwera phiri pa makilomita 20 pa ola, phindu limeneli silioneka n'komwe. Imangomva kuchepa kwa okosijeni basi.

Ndiye woyendetsa kabaza akakana kukweza thumba lachitatu masana a October, musamuone ngati waulesi. Njinga yolemedwa ikazima pakati pa chitunda imabwerera chambuyo, ndipo mabuleki ake sanapangidwire zimenezo. Mpikisano wa liwiro tiusiyire mabwalo otsekedwa okhala ndi ambulansi pambali. Msewu wa M1 pa Zalewa si Tarlton.

Kayeseni nokha kusukulu: vekani baluni pakamwa pa botolo lopanda kanthu, liikeni m'madzi otentha, kenako m'madzi ozizira. Onani zimene baluniyo ichite, ndipo mufotokozere mnzanu chifukwa chake pogwiritsa ntchito mawu oti density.