Thandizo la Boma pa Feteleza: Mau kwa Alimi ndi Mafumu a ku Chitipa

 Lero tikambirane za thandizo limene Boma limapereka pa feteleza, pakuti ambiri amafunsa kuti, "Nanga ndalama zakezo zili kuti, popeza sitizigwira m'manja?"

Mvetsetsani. Boma silipatsa mlimi ndalama m'manja. Limalipira gawo lalikulu la mtengo wa thumba kwa ogulitsa, ndipo mlimi amangoonjezapo pang'ono. Ndalama za Boma zili m'thumbalo.

Ntchitoyi inayamba kale. M'chaka cha 1998 alimi analandira timapaketi taulere ta mbeu ndi feteleza totchedwa Starter Pack. M'chaka cha 2005, pa nthawi ya Pulezidenti Bingu wa Mutharika, kunadza makuponi: mlimi wolembedwa ankagula matumba awiri a makilogalamu 50, lina la NPK lokulitsa, lina la Urea lobereketsa. Zaka zina thumba linali pa K500 yokha. M'chaka cha 2020 Boma la Pulezidenti Lazarus Chakwera linayamba kugwiritsa ntchito chiphaso cha unzika m'malo mwa kuponi, ndipo chaka chimenecho thumba linali pa K4,495.

Tsono inu a ku Chitipa muli pamalire a Zambia ndi Tanzania, ndipo mavenda sasowa. Amadza nthawi imene m'nyumba mulibe ndi tambala yomwe, nakunyengererani kuti muwagulitse thumba kapena muwabwereke chiphaso. Musalole. Ndalama zawo zitha m'masiku ochepa, koma njala ya mu February idzakupezani nkhokwe ili mbee. Wogulitsa feteleza wake wagulitsa nsima ya ana ake.

Matumba awiriwo anawakonzera munda wa ekala imodzi. Musawamwaze m'munda waukulu, chifukwa chimanga chonse chidzangofiira osabereka bwino. Mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, ndipo paphando mubzale mbeu imodzi. Wokulitsa thirani pobzala kapena chimanga chikangomera. Wobereketsa thirani patapita milungu itatu kapena inayi chimerereni, m'munda mutapalira, nthaka ili yonyowa. Kumbani kadzenje pambali pa phesi, thirani, ndi kukwirira. Urea wosakwirira mphamvu yake imauluka. Musaiwalenso manyowa a m'khola, pakuti feteleza amadyetsa mbeu koma manyowa amakonza nthaka. Za muyeso wake funsani alangizi a kwanu.

Ndipo inu mafumu, udindo wanu ndi waukulu. Si mlimi aliyense amalowa m'kaundula, pakuti ndalama za Boma sizikwanira onse. Chifukwa chake poitanidwa kuchitira umboni maina, chitani poyera, pabwalo, anthu onse akumva. Musalembetse akufa kapena midzi yopeka. Musaumirize mai wamasiye kugawana nanu thumba lake. Mukaona chinyengo pamsika wa feteleza, kauzeni alangizi kapena apolisi msanga.

Mtengo ndi malamulo zimasintha chaka ndi chaka, choncho mverani zolengeza za Unduna wa Zaulimi, ndipo yambani kusunga ndalama zoombolera matumba anu pa nthawi yokolola, mvula isanayandikire.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Tsalani bwino, mulime ndi mphamvu.