Pampu yakhoza mayeso ku Blantyre, koma ikagwira ntchito ku Embangweni?

Tiyerekeze mtsikana wa ku Embangweni ali m'chaka chachisanu cha uinjiniya ku MUBAS, yomwe ambiri timaitchulabe Poly. Pulojekiti yake yomalizira ndi pampu yoyendera dzuwa yothirira dimba la matimati. Makolo ku Mzimba angomva kuti mwana akupanga makina. Nanga aphunzitsi amagawa bwanji malikisi pa chinthu chotere?

Poyamba amalemba pulani: vuto ndi lotani, alithetsa bwanji, zidya ndalama zingati. Mphunzitsi womuyang'anira amamutsata chaka chonse. Kenako pali lipoti lalikulu la masamu ndi zojambula, pomaliza n'kuima pamaso pa gulu la aphunzitsi. Apa ndiye thukuta. “Bwanji unasankha paipi yaikulu chonchi? Kukachita mitambo masiku atatu, madzi atuluka?” Mafunsowa amathandizanso kugwira amene anangobisala m'gulu anzake akugwira ntchito, kapena amene anagula chinthu chopangidwa kale.

Njirayi ndi yabwino, koma kwa ine ili ndi mbali imodzi yofooka. Wodziwa Chingerezi chosalala amatha kuwala ndi makina amene ayenda mphindi khumi zokha tsiku loonetsa, m'chipinda choyera, madzi ake a pampopi. Madzi a mtsinje wa Mzimba nthawi ya dzinja ndi amatope ndi mchenga. Kachitsulo kakathyoka, mlimi sapita ku Blantyre. Amapita kwa wowotcherera pa Boma kapena pa Jenda. Ngati mmisiri ameneyo sangakonze, pampu yasanduka chitsulo chogona kuseri kwa nkhokwe.

Chitsanzo chili m'boma lomweli. Colrerd Nkosi wa m'mudzi wa Yobe Nkosi anapanga magetsi a madzi ndi zitsulo zotola, osadutsa ku koleji ya uinjiniya, ndipo mu 2018 analandira mphoto ya Commonwealth Points of Light. Amene anamuyesa poyamba ndi anansi ake: babu layaka kapena ayi?

Sindikunena kuti masamu atayidwe, ayi. Waya wosawerengera bwino amawotcha nyumba. Koma makoleji ena ayamba kale kuphatikiza zonse ziwiri. Ku Poly, mogwirizana ndi Rice University ya ku America, kunatsegulidwa situdiyo yomwe ophunzira amapangiramo zipangizo zachipatala, akumva kaye zosowa za anamwino, osangoganizira pa desiki.

Zotere zitafalikira, pepala la malikisi likadakhala ndi mizere ina: chinthuchi chayesedwa kumudzi masabata angati, woligwiritsa ntchito wanena chiyani, zosinthira zake zikupezeka pa mtunda wotani. Zimafuna ndalama ya thiransipoti, n'zoona, ndipo Blantyre ndi Mzimba si pafupi. Komabe mtsikana uja amabwera kwawo pa holide. Akhoza kunyamula pampu m'basi, n'kubwerera ndi vidiyo ya pa foni ndi kope la malita amene yatunga tsiku lililonse.