Mafuta a m'thupi la wodwala amathandiza kubwezeretsa mawu

Bolero, Rumphi, Mana: Munthu amene mawu ake asasa kwa nthawi yaitali kaamba ka kufa kwa kamnofu kamodzi ka m'kholingo atha kuthandizidwa ndi opaleshoni imene madokotala amatenga mafuta pamimba pa wodwalayo ndi kuwabaya m'kholingo mwake. Njirayi inayamba kudziwika m'chaka cha 1991, ndipo ndi yofunika kuti ogwira ntchito m'boma aimvetse, makamaka aphunzitsi, alangizi a zaulimi, oweruza milandu ndi ena amene ntchito yawo imadalira mawu.

M'kholingo la munthu muli timinofu tiwiri, kena kumanja kena kumanzere. Pamene munthu akupuma timinofuti timatalikirana kuti mpweya udutse. Pamene akulankhula timakumana pakati, ndipo mpweya wochokera m'mapapo umatinjenjemeretsa, pafupifupi ka 100 pa sekondi mwa abambo ndi ka 200 mwa amayi. Timakumananso pomeza ndi potsokomola, pofuna kutseka njira ya mpweya kuti chakudya chisalowe m'mapapo.

Timinofuti timalandira uthenga kuchokera ku ubongo kudzera mu mtsempha umene madokotala amautchula kuti recurrent laryngeal nerve. Mtsemphawu uli ndi njira yodabwitsa. M'malo molunjika kukholingo, umayamba watsikira m'chifuwa kenaka n'kubwerera kukhosi. Wa kumanzere ndi wautali kwambiri chifukwa umazungulira mtsempha waukulu wa magazi wochokera mu mtima. Galen, sing'anga wa Chigiriki amene ankagwira ntchito ku Rome zaka zoposa 1,800 zapitazo, ankaonetsa anthu kuti nkhumba imasiya kulira akangoidula mtsempha umenewu.

Mtsemphawu ukavulala, kamnofu ka mbali imeneyo kamaima malo amodzi. Kanzake kamayesa kukafikira koma pamatsala mpata. Zotsatira zake, mawu amamveka ngati onong'ona, munthu amatha mpweya asanamalize chiganizo, satha kukuwa, ndipo amatsamwa pomwa madzi kapena tiyi. Kutsamwaku ndi kumene kumadetsa nkhawa a zaumoyo kuposa mawu enieniwo, popeza zakumwa zikamalowa m'mapapo zimayambitsa chibayo, makamaka mwa okalamba.

Zinthu zimene zimavulaza mtsemphawu si zachilendo m'dziko muno. Opaleshoni ya chithokomiro ndi imodzi mwa izo, chifukwa mtsemphawu umadutsa kumbuyo kwenikweni kwa chithokomirocho. Khansa ya kummero, imene Malawi ali m'gulu la maiko okhudzidwa kwambiri padziko lonse, imathanso kuupana kapena kuudya. Chimodzimodzinso khansa ya m'mapapo ndi chifuwa chachikulu chikatupitsa mwanabele wa m'chifuwa. Ngakhale mtima wotupa umatha kuupanikiza, monga anafotokozera dokotala wa ku Austria, Norbert Ortner, m'chaka cha 1897. Nthawi zina madokotala amafufuza osapeza chifukwa, ndipo mwa odwala ena otere mawu amabwerera okha.

N'chifukwa chake dokotala sayamba ndi kukonza mawu. Amayamba wayang'ana m'kholingo ndi kachipangizo kokhala ndi nyali kolowetsa m'mphuno kapena m'kamwa, kenaka amajambula khosi ndi chifuwa pofuna kudziwa chimene chagwira mtsempha. Kubwezeretsa mawu a munthu amene ali ndi khansa yosadziwika m'chifuwa kungakhale kuphimba chizindikiro chimene chikanamupulumutsa.

Ganizo lobaya chinthu m'kamnofu kakufako si latsopano. Cholinga chake ndi kukanenepetsa kuti kasunthire pakati, kuti kamnofu kamoyo kathe kukakhudza. Wilhelm Brünings wa ku Germany anayamba kuchita izi m'chaka cha 1911 pogwiritsa ntchito phula la parafini, koma thupi linkalikana ndipo pankabuka zotupa. M'chaka cha 1962 Godfrey Arnold anabweretsa Teflon, imene inatchuka kwa zaka zambiri mpaka pamene zinaoneka kuti nayonso imasiya zotupa zolimba zovuta kuchotsa. Apa ndi pamene madokotala anayamba kufunafuna chinthu chimene thupi silingachione ngati chachilendo. M'chaka cha 1991 gulu la madokotala a ku Philadelphia m'dziko la America, mwa iwo Robert Sataloff, linasindikiza zotsatira za kubaya mafuta a wodwala mwiniwake.

Kachitidwe kake n'kosavuta kukamvetsa. Wodwala amagonetsedwa ndi mankhwala. Dokotala amang'amba pang'ono pafupi ndi mchombo, kapena kuyamwa mafuta ndi kachubu pamimba kapena pantchafu. Mafuta ofunika ndi ochepa kwambiri, osadzaza ndi supuni yomwe. Amawatsuka pochotsa magazi ndi kuwaika mu jekeseni. Kenaka amalowetsa chitsulo chobooka m'kamwa mpaka m'kholingo, ndipo akuyang'ana pa makina okulitsa zinthu amabaya mafutawo m'kati mwa kamnofu kakufako. Pakhosi sipang'ambidwa. Wodwala amauzidwa kuti apumitse mawu kwa masiku angapo.

Ubwino wa mafuta ndi woti ndi ofewa, choncho kamnofu kamanjenjemerabe monga mwa chilengedwe, komanso thupi siliwakana popeza ndi ake omwe. Ku dziko ngati lathu, kumene mankhwala ndi zipangizo zambiri zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, pali ubwino wina woonekeratu: chobayacho sichidikira oda kapena kutha mphamvu m'sitolo ya mankhwala, wodwala amabwera nacho yekha.

Komabe njirayi ili ndi vuto lake. Thupi limamwa gawo lina la mafutawo m'miyezi yoyambirira, ndipo kuchuluka kwa omwedwawo kumasiyana pakati pa odwala. Kaamba ka ichi madokotala amabaya mafuta opitirira muyezo mwadala, zimene zimachititsa kuti mawu ayambe amveka olemera kwa masabata angapo asanakhazikike. Mwa odwala ena mawu amakhala bwino kwa zaka, pamene mwa ena mpata uja umabwereranso ndipo pamafunika kubayanso. Mpata ukakhala waukulu kwambiri, madokotala amasankha opaleshoni ina imene anaikhazikitsa Nobuhiko Isshiki wa ku Japan m'chaka cha 1974, yoboola kachichereche ka kholingo ndi kuikamo kachidutswa kokankhira kamnofu pakati. Opaleshoni yotere kawirikawiri imadikira miyezi 6 mpaka 12, pofuna kuona ngati mtsempha uchire wokha.

Anthu asasokoneze matendawa ndi kufa kwa timinofu tonse tiwiri. Pamenepo mawu atha kumveka bwino ndithu, koma munthu amabanika ndipo mpweya umalira pokoka. Kubaya mafuta kungatseke kanjira kotsalako. Wodwala wotere ayenera kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Kwa munthu wa ku Bolero, kwawo kwa mfumu yaikulu Chikulamayembe, ulendo wofuna thandizo umayambira pachipatala cha m'deralo, kupita pachipatala cha boma la Rumphi, kenaka pa Mzuzu Central Hospital, chimene chimalandira odwala otumizidwa kuchokera m'chigawo chonse cha kumpoto. Opaleshoni za m'kholingo zimafuna katswiri wa matenda a makutu, mphuno ndi kukhosi, ndipo akatswiri otere ndi owerengeka m'dziko muno. Dr Wakisa Mulwafu, amene anaphunzira ku University of Cape Town, ndiye Mmalawi woyamba kukhala katswiri wa nthambiyi, ndipo anailimbikitsa pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, kuphatikizapo kuphunzitsa madokotala othandiza kuti azitha kuona matendawa m'zipatala za m'maboma.

Chimene chimachedwetsa odwala ambiri si kutalika kwa ulendowu kokha. Mawu osasa timawatenga ngati chimfine kapena fumbi la m'chilimwe, ndipo munthu amatha miyezi akumwa mandimu ndi uchi. Mphunzitsi amene mawu amuthera amangopatsidwa kalasi ya ana ochepa, nkhani n'kuthera pomwepo. Malangizo a akatswiri ndi akuti mawu akasasa kupitirira masabata anayi, m'kholingo muyenera kuonedwa. Ngati munthuyo amasuta fodya, akuvutika kumeza, akuonda, akutsokomola magazi, kapena wangochitidwa kumene opaleshoni ya pakhosi kapena pachifuwa, sayenera kudikira ngakhale masabata anayiwo. Akuluakulu a m'maofesi ndi m'masukulu angathandize popereka tchuthi cha matenda msanga ndi kuonetsetsa kuti wantchito wawo watenga kalata yomutumiza kuchipatala chachikulu.