Galimoto ikamavuta kulira m'mawa, suzumirani pansi pake

Amene mumapikula tomato pa Lizulu kapena kachewere ku Tsangano mukudziwa kuti phindu lili m'mamawa. Mukafika ku Limbe kapena pa Wakawaka dzuwa litakwera, ogula amakhala atatenga kale kwa anzanu, wanu n'kugulitsa motchipa kuopa kuti angaole. N'chifukwa chake zimandidandaulitsa kuona pikiapu yodzaza madengu ikukankhidwa ndi anyamata aganyu tsiku ndi tsiku, mwini wake n'kumangoti ndi mmene zimakhalira galimoto zakale.

Musanathamangire kukagula batire, mvetserani kaye. Mukapotokola kiyi injini n'kumazungulira mwaulesi, vuto ndi batire, mawaya ake kapena sitata. Batire lodzaza limaonetsa mavoti 12.6 pa mita ya amakaniko, ndipo kuyezetsa sikutenga mphindi ziwiri. Koma ikamazungulira mwamphamvu osagwira, batirelo lisiyeni. Kawirikawiri ndi mafuta amene sakufika.

Apa ndiye ambiri amatayapo ndalama, chifukwa kuvuta kulira ndi kudontha kwa mafuta amakuyesa matenda awiri, chonsecho nthawi zambiri ndi amodzi. Paipi ya labala ikakalamba imauma n'kung'aluka. Pamng'alupo masana pamatuluka mafuta, usiku galimoto itaima pamalowa mpweya, mafuta n'kubwerera ku thanki. Pofika m'mawa injini imayamba yakoka mpweya wokhawokha.

Pa Hilux kapena Hiace yakale ya dizilo, pamwamba pa fyuluta ya mafuta pamakhala kapampu kodina ndi dzanja. M'mawa musanalize, kadineni mpaka kalimbe. Ngati kanali kofewa, ndipo mutapopa galimoto yalira kamodzin'kamodzi, dziwani kuti penapake pakulowa mpweya. Uzani amakaniko ayambire timapaipi tobweza mafuta kuchokera ku mainjekita, zomangira zake, ndi kapampu komweko. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, makamaka cha ku Dedza, dizilo ikamavuta kukazizira kokha n'kutulutsa utsi woyera, ayezenso mahita pulagi.

Ya petulo yokhala ndi pampu yamagetsi m'thanki, tsegulani kiyi mpaka magetsi a pa dashibodi ayake, dikirani masekondi atatu, tsekani. Chitani katatu, kenako lizani. Ikagwira msanga, ndiye kuti mphamvu ya mafuta imathawa usiku, mwina kudzera pa pampu kapena pa injekita yodontha.

Kupeza podontha sikulira ndalama. Yalani katoni pansi pa galimoto madzulo. Dizilo amasiya banga lonona, petulo amauma msanga koma fungo limatsala. Pamene pagwera dontho, tsatani m'mwamba mwake ndi tochi ya pa foni, osati machesi kapena kandulo.

Dontho limodzi sekondi iliyonse ndi madontho 86,400 pa tsiku, malita angapo ndithu. Chulukitsani ndi mtengo wa lero wa pa filing'i siteshoni, muone kuti ndi madengu angati a tomato. Komanso usipa, ufa ndi buledi sizichedwa kutenga fungo la mafuta, ndipo kasitomala akangonunkhiza kamodzi amapita benchi lina.

Zomata thanki ndi sopo zija n'zongofikira pa galaja basi. Kumanga paipi ndi mphira ya chubu ndiye n'koopsa, poti petulo amaifewetsa, ndipo akadonthera pa ekizozi yotentha moto suchedwa. Pogula paipi ku Biwi kapena ku Ndirande nenetsani kuti mukufuna ya mafuta, chifukwa ya madzi imaoneka chimodzimodzi koma imafufuma. Ngati munathirako mafuta a m'zigubu masiku amene amasowa aja, sinthani ndi fyuluta yomwe. Amakaniko akachotsa yakaleyo, aikhuthulire m'botolo loonekera inu mukuona. Ngati munali madzi, adikha pansi pa botololo.